Mbiri ya Msampha wa Miyendo Wotchedwa Ashi Garami

Pa masewera onse amene ana a anthu anatulukira pofuna kuyesana mphamvu popanda kukhetsana mwazi, kulimbana ndiko kwakale koposa, ndipo palibe mtundu wa anthu umene ulibe kalimbanidwe kakekake. Kwa ambiri a ife, wogwa pansi ndiye wagonja ndipo mlandu wathera pomwepo; koma alipo masewera ena, monga judo, jiu-jitsu ndi sambo, amene wina akagwa nkhondo imapitirira pansi pomwepo, kufikira mmodzi wa awiriwo atagwidwa pakhosi, pamkono kapena pamwendo m'njira yakuti sangathenso kupirira, naomba mnzake ndi dzanja kawiri kapena katatu kusonyeza kuti wagonja. M'masewera otere wodziwa kugwira khosi wakhala akulemekezedwa kuyambira kale, wodziwa kupinda mkono nayenso chimodzimodzi; koma wogwira mwendo anakhala wonyozeka kwa zaka pafupifupi zana limodzi, namuyesa wachinyengo, wopanda mwambo ndi woopsa kwa anzake, ngakhale kuti luso lakelo linali kugonjetsa amuna amphamvu paliponse pamene linaloledwa.

Tisanalowe m'mbiri yake, kuyenera kuti owerenga aone m'maganizo mwao chimene a ku Japan anachitcha ashi garami. Munthu amakhala pansi moyang'anana ndi mnzake, nalowetsa mwendo umodzi wa mnzakeyo pakati pa miyendo yake iwiri. Phazi lake lakunja amaliponda pachiuno cha mnzakeyo kuti asayandikire ndi kumfika kukhosi, phazi linalo nalikoletsa kunsi kwa ntchafu, ndipo maondo ake awiri amapana ntchafuyo pamwamba pa bondo, kotero kuti wogwidwayo, angakhale akoke chotani, bondo lake silituluka mumsamphamo. Phazi la wogwidwa limatsala lokha m'khwapa mwa womgwira, kutali ndi manja a mwini wake amene akanaliteteza. Kufikira pamenepa palibe chimene chathyoka, palibenso chimene chikupweteka. Munthu wangomangidwa, miyendo iwiri ndi chiuno cha mnzake zitaunjikana pa mwendo wake umodzi.

Choopsa chimabwera pambuyo pake, ndipo gwero lake ndi m'mene bondo linalengedwera. Bondo linapatsidwa kupinda ndi kuongoka, koma kupotoloka linapatsidwa pang'ono chabe, pakuti fupa la ntchafu ndi fupa la mwendo wakunsi anamangidwa pamodzi ndi mitsempha inayi ikuluikulu, iwiri m'mbali ndi iwiri yopingasana m'kati. Tsono wogwira uja akapanikiza zala zakuphazi za mnzake m'khwapa, nakoletsa chidendene pamkono pafupi ndi dzanja, natembenuza thupi lake lonse, chimene m'masewerawa amachitcha heel hook, mphamvu yonseyo imadutsa pa kakolo n'kukathera pa mitsempha ya bondo ija. Aliyense amene anathyolapo nzimbe ndi manja adziwa kuti ukaigwira mbali imodzi yokha n'kumaipotoza, yonse imangozungulira osathyoka. Koma ukaipana mbali imodzi zolimba n'kupotoza inayo, imalekana pamfundo. Momwemonso chidendene chilibe kanthu ngati ntchafu ndi chiuno sizinapanidwe, ndipo mbiri yonse imene ikutsatirayi ndi ya m'mene anthu anachedwera kuzindikira chinthu chimodzi chimenechi. Palinso china chimene chinachititsa aphunzitsi mantha: chigongono chikamapindidwa chimachenjeza mwini wake ndi ululu nthawi ikadalipo, pamene bondo kawirikawiri limakhala chete kufikira mtsempha utaduka. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Kugwira mwendo pakulimbana sikunayambe dzulo. Owerenga Malembo akumbukira kuti Yakobo anabadwa atagwira chidendene cha mbale wake, ndi kuti pa Penieli, atalimbana usiku wonse, anachokapo akutsimphina chifukwa cha ntchafu yoguluka. Agiriki nawo anasunga nkhani ya Arrhichion wa ku Phigalia, amene m'chaka cha 564 Khristu asanabadwe, pa masewera a ku Olympia, anagwidwa pakhosi ndi mnzake wopikisana naye, koma iye ali pafupi kutsirizika anagulula phazi la womgwirayo mwamphamvu kotero kuti uja anakweza dzanja kugonja. Oweruza pofika anapeza Arrhichion atafa kale, ndipo nkhata ya wopambana anaiveka mtembo. Koma zimenezi ndi nkhani za apa ndi apo. Mbiri yolongosoka, ya malamulo ndi masiku ake, iyambira ku Japan.

M'chaka cha 1882, mphunzitsi wachinyamata dzina lake Jigoro Kano anatsegula sukulu yake ya Kodokan m'kachisi wa Eishoji mumzinda wa Tokyo, atasankha m'masukulu akale a jujutsu zimene anaziona zabwino ndi kuziika m'dongosolo latsopano limene analitcha judo. Ophunzira ake anatchuka msanga chifukwa cha luso lao la kugwetsa munthu ali chiimire, ndipo apolisi a mumzindawo anayamba kuwalemba ntchito yophunzitsa. Koma kunabwera munthu wina wochokera ku Okayama, Mataemon Tanabe, wa sukulu yakale ya Fusen-ryu, amene sanali kuvutika ndi kulimbana chiimire; iye anali kukokera mnzake pansi, kumene anyamata a Kodokan sanazolowere, ndi kumtsiriza komweko. M'chaka cha 1891 anagonjetsa Takisaburo Tobari wa Kodokan pomgwira pakhosi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, polimbana ndi wina wa Kodokan, Yuji Hirooka, anamkola ndi ashi garami namvulaza mwendo pamaso pa anthu.

Malamulo sanachedwe kutsatira. M'chaka cha 1899 bungwe la Dai Nippon Butoku Kai, limene linakhazikitsidwa ku Kyoto mu 1895 kuti liziyang'anira maluso a nkhondo a dzikolo, linapempha Kano kuti atsogolere akuluakulu polemba malamulo oyamba a mpikisano, ndipo malamulowo analetsa kupinda zala zakumanja, zala zakuphazi ndi akakolo. Mu 1916 a Kodokan analetsa ashi garami yemwe, pamodzi ndi kupinda khosi ndi kufinya mimba ya mnzako ndi miyendo. Pofika 1925 mfundo yokha ya thupi imene inatsala yololedwa kuipinda inali chigongono, ndipo m'judo zili chomwecho kufikira lero.

Alipo ena amene amati Kano analetsa zimenezi chifukwa ana ake anali kugonja nazo, ndipo kukana kuti manyazi analipo kungakhale kunama, pakuti palibe mfumu imene imakondwa kuona nduna zake zikugwa pabwalo lake lomwe. Komabe ine sindimweruza Kano mwaukali chotero. Iye anali mphunzitsi asanakhale china chilichonse, anatsogolera sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya ku Tokyo zaka zoposa makumi awiri, ndipo chimene mtima wake unafuna chinali masewera amene mwana wa sukulu angachite ndi mphamvu zake zonse lero, mawa n'kudzukanso ali wamphumphu. Tikumbukirenso kuti masiku amenewo kunalibe dokotala wodziwa kulumikiza mtsempha wa m'kati mwa bondo monga achitira lero; mnyamata woduka mtsempha anali kutsimphina moyo wake wonse. Ndipo ngakhale analetsa ashi garami pa mpikisano, sanamfafanize m'chikumbukiro, pakuti mu Katame no Kata, umene ndi mndandanda wa magwiridwe khumi ndi asanu a pansi amene ophunzira amaonetsa pang'onopang'ono mwamwambo, ashi garami ndiye wotsiriza. Anamsunga, koma momtsekera m'nyumba.

Kunja kwa Japan kunali malo amene mwendo unali wosaletsedwa. Ku Lancashire, m'dziko la England, anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a thonje anali ndi kalimbanidwe kao kotchedwa catch-as-catch-can, kamene kanalola kugwira paliponse pamene dzanja lafika; kanaoloka nyanja kupita ku America, kumene mlimi wa ku Iowa, Frank Gotch, anaopedwa chifukwa cha kupotoza kwake phazi, nalanda ukatswiri wa dziko lonse kwa George Hackenschmidt ku Chicago mu 1908. Ku Russia nako, Vasili Oshchepkov, wobadwira pachilumba cha Sakhalin, amene anaphunzira ku Kodokan komwe, anasakaniza judo ndi kalimbanidwe ka mitundu ya m'dziko la Soviet Union. Iye anafera m'ndende mu 1937 atamnamizira ukazitape, koma chaka chotsatira boma linavomereza masewera amene lero atchedwa sambo, ndipo m'menemo zinthu zinatembenuka: kugwira pakhosi n'koletsedwa, kupinda bondo ndi kakolo n'kololedwa, kungoti osapotoza. Zimenezi zitionetsa kuti chimene mtundu wina uyesa choopsa, wina uchiyesa chamasiku onse, ndi kuti malamulo a masewera amabadwa m'mbiri ya anthu ake koposa m'mafupa a thupi.

Koma kumene kunyozeka kwa mwendo kunazika mizu yozama ndi ku Brazil. Mitsuyo Maeda, wophunzira wa Kodokan amene anachoka kwao mu 1904, ashi garami asanaletsedwe, ndipo anayenda maiko ambiri akulimbana ndi aliyense womputa, anafika ku Brazil mu 1914 nakhazikika ku Belém. Mwa amene anaphunzira luso lake munali Carlos Gracie, amene pamodzi ndi abale ake, makamaka Hélio, anamanga banja lotchuka la jiu-jitsu mumzinda wa Rio de Janeiro, kumene ophunzira ao ambiri anali ana a anthu opeza bwino. Kumphepete kwa mzindawo, ku Bento Ribeiro, kunali mphunzitsi wina, Oswaldo Fadda, amene sanaphunzire kwa a Gracie koma kwa Luiz França, ndipo anali kuphunzitsa ana a amphawi, nthawi zina pabwalo poyera ndiponso kwaulere. M'zaka za m'ma 1950 Fadda anatengera ophunzira ake ku sukulu ya a Gracie kukapikisana nao, ndipo chimene anthu anakumbukira pa tsikulo ndi m'mene anyamata a kumidzi yozungulira mzinda anali kugwirira mapazi. Kuyambira masiku amenewo kugwira phazi kunatchedwa luso la anthu a kumphepete, ndipo oonerera akaona wina wagwira phazi anali kumkuwiza kuti sapateiro, ndiko kuti wosoka nsapato. Apatu sinalinso nkhani ya kuteteza maondo. Inali nkhani ya yemwe ali wa m'banja ndi yemwe ali wobwera.

Kunena chilungamo, a Gracie anali ndi chifukwa china chomveka. Chiphunzitso chao chachikulu chinali chakuti munthu ayambe wapeza malo abwino pamwamba pa mnzake, adutse miyendo yake, amkhalire pachifuwa kapena kumsana, ndipo pamenepo ndiye afune kumgonjetsa. Tsono ogwira mapazi a nthawi imeneyo anali kuchita chotsutsana ndi chimenechi, pakuti anali kungotsomphola phazi n'kudzigwetsa chagada, ndipo akalephera, monga anali kulepherera kawirikawiri, mnzao anali kudzuka n'kuwakhalira. Aphunzitsi anaona ngati njuga, kapena njira yachidule ya waulesi amene walephera kudutsa miyendo ya mnzake. Pamene bungwe la IBJJF, lotsogozedwa ndi Carlos Gracie Jr., linakhala mwini mipikisano ikuluikulu, kupotoza chidendene kunaletsedwa kwa onse, ndipo ngakhale kungodutsitsa phazi lako kuchokera kunja kwa ntchafu ya mnzako kupita m'kati, kumene kumapanikiza bondo, kunali kokwanira kuti woimbira akutulutse mumpikisano. Motero sanaletse kuthyola kokha, koma ndi kakhalidwe komwe, ndipo mibadwo ya malamba akuda inakula yosadziwa kulowa mumsamphawo, yosadziwanso kutulukamo.

Chodabwitsa n'chakuti luso lothamangitsidwa ku Japan linabwerera komweko podzera khomo lina. Karl Gotch, amene sanali mbale wa Frank uja koma anangotenga dzina lake, anaphunzira catch ku sukulu ya Billy Riley ya ku Wigan, napita kukaphunzitsa olimbana a ku Japan, ndipo pambuyo pake Billy Robinson, wa sukulu yomweyo, anachitanso chimodzimodzi. Mwa ana ndi adzukulu ao m'luso munatuluka Satoru Sayama, woyambitsa Shooto, ndi Masakatsu Funaki ndi Minoru Suzuki, amene anayambitsa Pancrase mu 1993, kumene omenyana anali kuvala nsapato zazitali zimene zinachititsa phazi kugwirika mosavuta. Ken Shamrock wa ku America anaphunzira kumeneko, ndipo pa 12 November 1993, pa mpikisano woyamba wa UFC ku Denver, anagonjetsa Patrick Smith pompotoza chidendene. Koma usiku womwewo Royce Gracie anamgwira Shamrock pakhosi namgonjetsa mphindi imodzi isanathe, ndipo dziko lonse linatengapo phunziro lakuti khosi liposa mwendo. Mu 1995, ku Tokyo, Yuki Nakai wa Shooto, munthu wa makilogalamu 70, anakumana ndi Gerard Gordeau wa ku Netherlands, wamkulu kumposa kutali, amene anamtosa m'diso ndi chala. Nakai anapirira, namgonjetsa ndi chidendene, nalimbananso kawiri usiku womwewo kufikira atagonja kwa Rickson Gracie, ndipo diso lake lakumanja silinaonenso. Pambuyo pao panadza Masakazu Imanari, wodzigubuduza pansi kulowa kumiyendo ya mnzake mwadzidzidzi. Onsewa anali amuna olimba mtima ndi aluso, koma luso lao linali ngati mphatso ya munthu mmodzimmodzi, yovuta kuipatsira wina.

Kusintha kunayamba ndi bwalo latsopano. Mu 1998 Sheikh Tahnoon bin Zayed Al Nahyan wa ku Abu Dhabi anakhazikitsa mpikisano wa ADCC, wolimbana popanda jekete lochindikala la judo, woitana a jiu-jitsu, a sambo, a judo ndi a catch pamodzi, ndipo wolola kupotoza chidendene. Pa mpikisano wa 2003 ku São Paulo, M'amereka wina wodziwa sambo ndi jiu-jitsu, Dean Lister, anapambana gawo limene anthu amapikisana mosayang'ana kulemera kwa thupi. Lister yemweyu, zaka zingapo m'mbuyo mwake, anacheza ku sukulu ya Renzo Gracie ku New York, kumene anakumana ndi John Danaher, munthu wokulira ku New Zealand amene anabwera kudzaphunzira filosofi pa yunivesite ya Columbia, namagwira ntchito ya ulonda pa makomo a malo achisangalalo usiku. Danaher amasimba yekha kuti atanena kuti iye za miyendo sazisamala, Lister anamfunsa chifukwa chimene munthu anganyalanyazire theka la thupi la munthu. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Funsolo linamkhala Danaher mumtima zaka zambiri, iye amene bondo lake lomwe linali lopunduka kuyambira unyamata, kotero kuti sanapikisanepo pabwalo.

Chimene Danaher anachita m'chipinda chapansi cha sukulu ija sikutulukira magwiridwe atsopano, pakuti ambiri a iwo anali odziwika kale kwa a sambo, a catch ndi a ku Japan, ndipo ena monga Ryan Hall anali kugwiritsa kale ntchito makolekedwe a miyendo; chimene anachita ndicho kutenga chiphunzitso cha a Gracie chija, chakuti kumanga kutsogole ndipo kugonjetsa kutsatire, ndi kuchiika pamwendo pamene eni ake anati sichingakhalepo. Analekanitsa zinthu ziwiri zimene akale anazisakaniza, kukola ndi kuthyola, naphunzitsa kuti wophunzira ayambe wadziwa kusunga mwendo wa mnzake wokana ndi wophiriphitha kwa nthawi yaitali osagwira chidendene n'komwe. Anaphunzitsa kuti nkhondo yoyamba ndi ya mapazi, yakuti ako akhale m'kati mwa miyendo ya mnzako. Kuti malire a msampha ndi bondo, pakuti likangotuluka pakati pa ntchafu zako zonse zatha ndipo n'kwabwino kusiya. Kuti wogwidwa amathawa ndi mwendo wake wachiwiri, pokankha nawo kapena poimirira, choncho nawonso uyenera kugwidwa. Ndi kuti makolekedwe osiyanasiyana ali ngati zipinda za nyumba imodzi, munthu n'kumachoka m'china kulowa m'china monga mnzake atembenukira.

Mwa makolekedwe amenewa, awiri ayenera kutchulidwa. Loyamba ndi limene amalitcha 50/50, pamene miyendo ya awiriwo yakolana mofanana, kotero kuti aliyense ali ndi chidendene cha mnzake pafupi, ndipo wopambana ndi amene adziwa kubisa chake pofunafuna cha mnzake. Lachiwiri, limene ambiri amaliyesa mfumu ya onse, lili ndi maina ambiri monga mwa masukulu, ena ati saddle, ena 411, ena inside sankaku. M'menemo wogwira amamanga miyendo yake iwiri mozungulira ntchafu imodzi ya mnzake, mfundo ya miyendoyo ili pakati pa miyendo ya wogwidwayo, ndipo mwendo wogwidwa umapingasa pathupi la womgwira n'kukathera m'khwapa la kutsidya. Ubwino wake ndi wakuti mapazi a wogwira abisika kumene mnzake sangawafikire, chiuno cha wogwidwa chakhomeredwa pansi, mwendo wake wachiwiri uli pafupi kuti ugwidwe, ndipo chidendene chikapezeka chimapotozedwa m'njira imene mphamvu imalunjika pa bondo osatayika pa kakolo. Wofika pamenepa safunikanso kufulumira kapena kutsomphola. Amachotsa kulendewera konse pang'onopang'ono, ndipo wogwidwa wanzeru amaomba asanamve kanthu. Apa ndi pamene ine ndiona phindu lenileni la ntchito ya Danaher: kumanga kolimba kumene kunachititsa luso ili kukhala loopsa pa mpikisano ndi komwenso kunachititsa kuti litheke kuphunzitsidwa popanda kupundula ophunzira, pakuti amene wagwira zolimba ali ndi nthawi yodikira mnzake kuti agonje.

Zipatso zake zinaoneka pa mipikisano ya Eddie Bravo Invitational, imene inayamba mu 2014, yopanda kuwerenga mapointi, kumene ophunzira a Danaher, Eddie Cummings, Garry Tonon ndi Gordon Ryan, anagonjetsa malamba akuda otchuka mmodzi pambuyo pa mnzake, ena m'kanthawi kochepa kochititsa manyazi. Koma umboni umene unatseka pakamwa otsutsa unachokera kwa munthu wa sukulu ina. Mu September 2019, pa ADCC ya ku Anaheim, Lachlan Giles wa ku Melbourne, katswiri wa zolimbitsa ziwalo zovulala amene maphunziro ake apamwamba anali a bondo lomwelo, anagonja pa ndime yoyamba ya gawo lake la makilogalamu 77. Analowa tsono gawo losayang'ana kulemera, ndipo kumeneko anapotoza zidendene za zimphona zitatu, Kaynan Duarte, amene anali atangopambana gawo la olemera koposa, Patrick Gaudio ndi Mahamed Aly, natenga malo achitatu, atagonja kwa Gordon Ryan yekha. Amene kale anali kukuwiza wosoka nsapato anayamba kufunafuna wowaphunzitsa.

Tisaganize kuti mantha a Kano anali opanda pake. Masewera onsewa aima pa pangano limodzi losalembedwa, lakuti wogwidwa adzaomba nthawi yake ndipo wogwira adzasiya pomwepo, ndipo pangano limeneli laswedwapo mbali zonse ziwiri. Rousimar Palhares wa ku Brazil, amene anali woopsa pa chidendene koposa onse a m'nthawi yake, anaimitsidwa mu 2010 chifukwa chochedwa kusiya mwendo wa Tomasz Drwal, ndipo mu October 2013, atachitanso chomwecho kwa Mike Pierce, a UFC anamchotsa ngakhale anali atapambana. Mbali inayo, mu January 2023 ku Bangkok, Gantumur Bayanduuren wa ku Mongolia anakana kuomba pamene Mikey Musumeci anamkola mwendo, napirira kufikira nthawi itatha, koma anachokapo mitsempha ya bondo itaduka ndi kakolo atathyoka. Oonerera ena anamtama kuti ndi mwamuna. Ine ndikumbukira mau akuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, pakuti ngakhale lero, madokotala atadziwa kulumikiza mtsempha wa m'kati mwa bondo, wochitidwa opaleshoniyo amakhala miyezi isanu ndi inayi kapena chaka asanabwerere pabwalo, ndipo ena sabwererako monga analili.

Pa 1 January 2021 bungwe la IBJJF, limene linakana kwa zaka zambiri, linalola kupotoza chidendene ndi kudutsitsa phazi pa ntchafu, koma kwa akuluakulu okha a lamba wofiirira ndi wakuda, ndiponso pa mipikisano yopanda jekete. Kwa ana, kwa a malamba apansi, ndi kwa onse olimbana atavala jekete ndi thalauza, zimene nsalu yake imagwira mwendo kuti usaterereke pothawa, chiletso chikadalipo. Malire amenewa ndiwaona kuti anaikidwa pabwino pa mpikisano, koma ndikanakonda aphunzitsi asawatengere m'kalasi, pakuti wophunzira amene sanakhalepo mumsamphawo kufikira tsiku lolandira lamba wofiirira ndiye amene adzatembenukira kolakwika ndi kudzithyola yekha. Aphunzire kukola ndi kutuluka kuyambira pachiyambi, kupotoza kudze pambuyo. Ndipo kwa achinyamata amene amaonera zimenezi pa foni n'kufuna kuyesa pa mng'ono wao pakhonde, mau anga ndi akuti musayese popanda mphunzitsi wodziwa amene waima pomwepo. M'judo, ashi garami akadali mmodzi wa magwiridwe anayi oletsedwa, pamodzi ndi do jime, kawazu gake ndi kani basami, ndipo wochita chimodzi mwa zimenezi pa mpikisano amatulutsidwa nthawi yomweyo.